Pampu Yosamwa Oyilo ndi Kachitini ka Agogo Anu

Iwe Tadala, botolo la mafuta ophikiralo ukupita nalo kuti? Bwera nalo kuno. Ndakuona kale kuti ukulunjika kuchitseko changa. Inde chikulira, ndikuchimva, sindinagonthe ayi ngakhale mumandinena kuseri. Chisiye chilire. Khala pansi apa, nawenso Chisomo siya kukanda foni ya amako, ndikuuzeni za oyilo. Pabanja lino oyilo ali ndi mbiri yake, ndipo akanapanda iyeyo inu nonse bwenzi kulibe.

Inu ana a masiku ano mukagula nyama kapena nsomba m'sitolo, zija pulasitiki yake imachita kukakamira ngati malaya onyowa, mumangong'amba ndi mano n'kutaya. Simudzifunsa kuti mpweya umene unali m'menemo unapita kuti. Alipo amene anauchotsa. Ine agogo anu, amene mumandiyesa wongodziwa kusankha nyemba ndi kukalipa, ndinagwira ntchito yochotsa mpweya kwa zaka zambiri, ndipo ndinali ndi makina angaanga.

Zinali zaka zija matipate atangolowa kumene. Inu simungamvetse mmene anthu analedzerera ndi ufulu. Munthu amene kale ankayamba wayang'ana kumbuyo asanatsokomole, tsopano ankaima pa depoti ya Salima n'kumadzudzula boma mpaka mawu kusasa. Ndiye panabwera matenda a voti. Chilichonse chinkafuna kukweza manja. Kukwaya kwathu tinkavotera nyimbo yoyambira. Mu minibasi munthu akapempha kuti akataye madzi, ena ankati, “Tivote kaye, ena tikuchedwa.” Musaseke, zinkachitika ndithu.

Ine ndinakulira ku Chinguluwe kwa amalume anga, makolo atamwalira ndili wamng'ono. Ubwana wanga wonse unathera m'minda ya mpunga, kuingitsa mbalame ndi chitini cha miyala. Nditakula ndinathawira kunyanja, ku Senga Bay, kumene ndinapeza ntchito pa kafakitale kena kochotsa minga ya chambo n'kulongedza minofu yake m'mapulasitiki, kupita nayo kumahotela. Amalume sanakondwe nazo. Iwo anali atandipezera kale mwamuna, a Chimbalanga, bambo wofedwa mkazi, wa minda yambiri ndi mano owerengeka. Tsiku limene ndinkanyamuka anandiperekeza mpaka pamsewu n'kundiuza kuti, “Iwe Esinati, ntchito ya kunyanjayo ikadzatha usadzalowere kwina. Udzabwere kuno. A Chimbalanga ndi munthu wopirira, adikira.” Choncho anzanga ankagwira ntchito kuti adye, koma ine ndinkagwira kuti ndisakwatiwe ndi a Chimbalanga. Ndinamuuza zimenezi mnzanga mmodzi yekha, Asiyatu, amene tinkacheka naye nsomba patebulo limodzi, ndipo pofika kumapeto kwa sabata fakitale yonse inkazidziwa.

Pafakitalepo panalinso mnyamata wina wamtali, wosayankhulayankhula, dzina lake a Lameki. Amenewo ndi agogo anu aamuna, amene chithunzi chawo chili pakhoma apo atavala tayi yobwereka. Ntchito yawo inali kusamala jenereta ndi injini za maboti ogulira nsomba. Kulikonse ankayenda ndi kachitini ka oyilo ka mlomo wautali, kaja mumakaona pansi pa bedi langa n'kumafunsa kuti ndimakasungiranji. Chikhulupiriro chawo chinali chimodzi: chitsulo chikalira ndiye kuti chili ndi ludzu. Wilibala, geti, sikelo, mpando wa a Manijala, zonse zinkamwa. Tsiku lina anamvera chisoni njinga ya mkulu wa mpingo, imene mabuleki ake ankalira, n'kuwamwetsa. Mkuluyo anatsetsereka kuchokera kumsewu mpaka kukalowa m'nyanja, Baibulo lili m'mwamba kuti lisanyowe.

A Lameki ankandifuna, koma pakamwa panali polemera. Anyamata ena ankalemba makalata onunkhira sopo, iwo ankangothira oyilo. Ndikaweruka ndinkapeza loko wa chipinda changa ali noninoni. M'mawa tikakumana pageti ankangoyang'ana pansi n'kunena kuti, “Achemwali, loko wanu uja ndamumwetsa.” Ine n'kuyankha kuti, “Zikomo achimwene.” Basi nkhani yathera pomwepo. Zinakhala choncho mpaka dzinja linadutsa, ine kudikira mawu ena, iwo kumwetsa loko.

Tsopano za mpweya. Nsomba imaola msanga ikakhala ndi mpweya. Ndiye tinkaika minofu ija m'pulasitiki, kuilowetsa m'bokosi lachitsulo, kutseka chivindikiro, ndipo pampu inkayamwa mpweya wonse wa m'bokosimo pulasitiki isanamatidwe pakamwa. Pampu yoyamba imene ndinaipeza inali yakale, yodalira oyilo m'mimba mwake kuti igwire mpweya. Inkafuka utsi, ndipo chinyezi cha nsomba chikasakanikirana ndi oyiloyo ankasanduka woyera ngati thobwa, mphamvu n'kutha. A Lameki ankakhala pomwepo kukhetsa wakale, kuthira watsopano, akusangalala. Koma a kuhotela anayamba kudandaula kuti chambo chathu chikumveka fungo la galaja. A Manijala anaitanitsa pampu ina, ya mtundu watsopano, imene inabwera pa lole itakulungidwa ngati mkwatibwi.

Inabwera ndi injiniya wa ku Blantyre, a Nyirenda, bambo wamfupi wa mandala. Ataimanga pamalo pake anatindandalika tonse n'kufunsa kuti, “Ndani pano amadziwa makina?” Amuna onse anakweza manja, ngakhale mlonda. Anafunsanso, “Nanga ndani sanagwirepo makina chibadwire?” Asiyatu anandikankha chigongono, dzanja langa n'kupezeka lili m'mwamba. A Nyirenda anati, “Mayi ameneyo ndi amene ndikumufuna. Inu abambo mukudziwa zambiri, ndipo ine ndilibe nthawi yokuiwalitsani.” Umo ndi mmene ndinapezera udindo, ana inu, chifukwa chosadziwa kanthu.

Anatsegula chivindikiro cha pampuyo n'kundionetsa m'kati. Munali zitsulo ziwiri zazitali, zogona moyandikana, chilichonse chili ndi mizere yozungulira ngati sikuluwu wamkulu. Anazipukusa ndi dzanja. China chinkazungulira cha uku, china cha uko, mizere yake ikulowana, koma osakhudzana. Mpata wa pakati pake unali wochepa ngati tsitsi. Anati mpweya ukalowa kukamwa kwa pampu umatsekeredwa m'timipata ta mizereyo, ndipo zitsulozo zikamazungulira zimaukankha, kuupanikiza, mpaka kukaulavula kunja pa paipi ya kumbuyo. Ulibe nthawi yobwerera chifukwa zimazungulira mwaliwiro kwambiri. Ndinafunsa kuti, “Nanga bambo, zimatheka bwanji kuyendera limodzi osagundana?” Iwo anati, “Mayi, kwanu mkamwini ndi apongozi ake amakhala mudzi umodzi, amadutsana tsiku ndi tsiku. Munawaonapo atagwirana chanza?” Apo ndinamva zonse.

Kenako anandigwira phewa n'kunena mawu amene anawabwereza mpaka ndinayamba kuwalota. “M'mimba mwa pampu iyi simulowa oyilo, simulowa madzi. Imagwira ntchito youma. Zitsulo zosakhudzana sizifuna choterera. Oyilo wake ali kumapeto uku, m'kachipinda ka magiya amene amaonetsetsa kuti zitsulo ziwirizi zisagundane, ndipo mumamuona pa kagalasi aka. Ameneyo sawoloka kubwera kuno.” A Lameki anali ataima kumbuyo, kachitini kali m'manja, nkhope ili ngati ya munthu amene wamva kuti mwana wakanizidwa bere.

A Manijala anandipatsa ovolosi ya buluu. Kumbukirani kuti akazi tinali titangoyamba kumene kuloledwa kuvala mathalauza, ndiye tsiku loyamba ndinavala chitenje pamwamba pake mpaka kufika pageti. Pondipatsa anati, “Esinati, makina awa ali m'manja mwako. Akafa, iwenso ntchito yako yafa. Tamvana?” Ndinati tamvana, uku m'maso mwanga mukubwera nkhama za a Chimbalanga.

Ntchito yake inali yofuna mtima wofatsa, umene inu mulibe. M'mawa ndinkayamba ndi kutsegula madzi oziziritsa, amene amayenda kunja kwa thupi la pampu ngati mmene mumakutira botolo ndi nsanza yonyowa. Ndinkasuzumira pa kagalasi kaja kuona ngati oyilo wa magiya ali pamzere wake. Ndinkatsegula sefa ya kukamwa n'kuchotsa fumbi, mamba ndi tizidutswa ta pulasitiki, chifukwa kanthu kakang'ono kakalowa pakati pa zitsulo zija kakhoza kuzikanda. Ndikatero ndinkatseka valavu, ndiko kuti chotsekera njira yochokera kubokosi, n'kuiliza pampu kuti iyambe yatenthera payokha. Ikakhala yozizira, chinyezi cha nsomba chimasanduka madzi m'kati mwake. Ikatentha, chimadutsa chili nthunzi n'kutuluka. Ndiye ndinkatsegula valavu pang'onopang'ono, maso ali pa muvi wa geji, kawotchi koonetsa mpweya wotsala, kuonera mmene ukutsikira. Poweruka sindinkangothimitsa ngati wailesi. Ndinkatsekanso valavu n'kuisiya ilire yokha, ikupuma kampweya koyera, kuti m'kati muume. Anzanga ankakhala atafika kale kumsika, ine ndidakali pampando kudikira chitsulo chiume. Magetsi akazima mwadzidzidzi, monga ankachitira, ndinkathamangira valavu ndisanathamangire china chilichonse.

Inkagwira bwino ntchito pampu ija. Fungo la galaja linatha, mapaketi ankatuluka olimba gwa. Koma inali ndi zinthu ziwiri zimene anthu sankazikonda. Inkatentha, ndipo inkalira. Kutenthako a Nyirenda anali atandiuza kuti n'kwachibadwa, mpweya ukapanikizidwa umatentha, ngati mmene pampu ya njinga imafundira ukamapopa. Kulirako kunali kwa mluzu wautali, wosapumira. Kwa ine inali nyimbo. Kwa anthu ena kunali kudandaula.

Mukudziwa mmene ife tilili. Mlendo sangakhale pakhomo tsiku lonse osapatsidwa ngakhale madzi. Amayi ocheka nsomba ankati akadutsa pafupi n'kumva kutentha, ankapukusa mitu. “Koma abale, chinthu kugwira ntchito kuyambira m'mawa osalawa kanthu. Esinati ndi wouma mtima.” Akapitawo athu, a Jumbe, amene anali atangosankhidwa kukhala wapampando wa komiti ya antchito ndipo ankafunafuna nkhani yoti aweruze, ankati, “Nthawi yozunza inatha. Masiku ano ngakhale makina ali ndi ufulu wake.”

Itafika Okotobala, dzuwa lija loswa mtengo, a Lameki anasowa mtendere. Ankabwera, kuika dzanja pa pampu, kulichotsa msanga, n'kumaliyang'ana. Tsiku lina anandipeza ndili ndekha.

“Achemwali, ikupsa iyi.”

“Siikupsa achimwene, ndi mmene imakhalira. Madzi akuyenda, muvi uli pabwino.”

“Dontho limodzi lokha. Palibe amene adziwe.”

“Mukayandikira ndi kachitini kanuko ndikuthyolani dzanja.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali, pakamwa pakugwedezeka ngati pali mawu ena amene akufuna kutuluka. Ine ndinati lero alankhula. Iwo anati, “Loko wanu uja akutsegukabe bwino?” N'kumapita.

Ndiye kunagwa maliro ku Lifuwu, azakhali a mayi anga. Maliro sukana, ngakhale uli ndi makina a mtundu wanji. A Manijala anali ku Lilongwe. Ndinamusiyira pampu Asiyatu, amene ndinali nditamuphunzitsa kuyatsa ndi kuthimitsa, ndipo ndinamulumbiritsa. Anati, “Wallahi mnzanga, munthu akafika pa pampuyi adutsa pamsana panga.” Zimene zinachitika ndili kumaliro anandifotokozera iyeyo pambuyo pake, akulira n'kumasekanso.

Akuti masana a tsikulo kunatentha mpaka malata ankathetheka. A Jumbe anaitanitsa msonkhano pansi pa mtengo wa mango, nkhani yake imodzi: pampu imwe kapena isamwe. Anayamba ndi pemphero. A Lameki anaitanidwa ngati katswiri, ndipo anangoti, “Ine chibadwire sindinaone chitsulo chozungulira chopanda ludzu.” Anthu anaomba m'manja. Asiyatu anaimirira n'kunena kuti injiniya analetsa. A Jumbe anamuyankha kuti, “Mayi, injiniya ndi munthu mmodzi. Ife tilipo ambiri. Ulamuliro wa munthu mmodzi tinaukana.” Anakweza manja. Onse anati imwe, kupatula Asiyatu ndi mlonda, amene anali m'tulo. Asiyatu anakaima kutsogolo kwa pampu atatambasula manja, koma amayi anzake anamunyamula bwinobwino n'kukamukhazika pa bokosi la ayezi, akumuuza kuti alemekeze zofuna za anthu.

A Lameki anatsegula sefa ya kukamwa ija n'kupendeketsa kachitini. Silinali dontho limodzi, ana inu. Anthu ankati, “Onjezani, yakhala nthawi yaitali.” Ndipo choipa chake n'chakuti kulira kuja kunatsika, kunamveka kofewa. Amayi analuluta. A Jumbe anagwira chanza aliyense. Patapita kanthawi paipi ya kumbuyo inayamba kutulutsa utsi, koma iwo anati ikugeya. Madzulo anaithimitsa mwachangu, osadikira kuti iume, chifukwa aliyense ankathamangira kukafotokoza kunyumba za chipambano.

Ine ndinafika m'mawa mwake, maso ali otupa ndi maliro. Nditangolowa ndinamva fungo lija la galaja. Anthu onse anali ataweramira nsomba zawo, palibe wondipatsa moni. Ndinatsegula madzi, ndinasuzumira pa kagalasi, ndinatseka valavu, ndinadina batani. Mota inangong'ung'udza pang'ono n'kuzima. Ndinadinanso, chimodzimodzi. Nditatsegula sefa, dzanja langa linatuluka lakuda, lonanda. Ndinakhala pansi pa simenti ndi ovolosi yanga. Sindinaganize za nsomba, kapena za mahotela. Ndinaona msewu wa ku Chinguluwe, amalume ataima pakhomo, ndi a Chimbalanga atakhala pa mpando wa ndalema akundimwetulira.

A Manijala atabwera sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa. Anapita ku positi ofesi kukaimba foni ku Blantyre. Tinadikira masiku angapo, nsomba zikulongedzedwa ndi ayezi basi, zina zikubwezedwa. A Nyirenda anafika pa sitima, atatopa, malaya ali fumbi lokhalokha. Anamasula chivindikiro tonse tikuonerera. Zitsulo zija zonyezimira zinali zakuda bii. Oyilo anasakanikirana ndi fumbi ndi chinyezi cha nsomba, kutentha kunamuphika, ndipo atazizira anauma ngati phula n'kudzaza kampata kaja ka tsitsi. Mkamwini ndi apongozi anali atamatirirana.

A Nyirenda anavula mandala n'kufunsa mofatsa, “Wathira oyilo muno ndani?”

Anthu aja oluluta onse ankayang'ana zala zakumapazi. A Manijala anatembenukira kwa akapitawo. “A Jumbe, ndinu wapampando. Wathira ndani?”

A Jumbe anakonza kukhosi n'kunena kuti, “Bwana, voti ndi yachinsinsi.”

Asiyatu anati, “Yachinsinsi bwanji poti munakweza manja dzuwa likuwala?” Koma a Manijala anamukwezera dzanja kuti akhale chete. Anati iwo alibe nthawi yofufuza khamu la anthu. Makina anawapereka kwa munthu mmodzi, ndipo anapangana naye. Anandiyang'ana n'kunena kuti, “Esinati, kavule ovolosi, uisiye muofesi.” Ndinayamba kumasula batani la pakhosi.

Apo ndinamva kachitini kakuikidwa patebulo. A Lameki anatuluka kumbuyo kwa anthu, chipewa chili m'manja.

“Bwana, voti inali ya anthu, koma dzanja linali langa.”

“Iwe Lameki? Sunamve zimene ananena injiniya?”

“Ndinamva, bwana.”

“Nanga unathiriranji?”

Anayang'ana pansi, anayang'ana kudenga, thukuta lili kamukamu. Kenako munthu uja wosayankhula anatsegula pakamwa, mawu n'kutuluka onse nthawi imodzi ngati mbuzi zotseguliridwa khola. “Ndinkaopa kuti ipsa, bwana. Ikapsa, achemwaliwa muwachotsa ntchito. Mukawachotsa apita ku Chinguluwe kukakwatiwa ndi a Chimbalanga. Ndiye ine nditsala ndikumwetsa loko wa ndani?”

Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Asiyatu anagwira kukamwa n'kunena kuti, “Subhanallah, munthu kufunsira mbeta pamaso pa bwana, maliro a pampu ali pomwepa.” A Nyirenda anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Ngakhale a Manijala anavutika kuumitsa nkhope. Anati, “Esinati, manga batani lako. Lameki, iwe ndiye wapita.”

A Nyirenda atapukuta misozi anapenda zitsulo zija bwinobwino n'kunena kuti pampu sinafe. Mota inazima yokha isanakakamize, ndiye sizinakandike. Zinkangofunika kutsukidwa ndi mankhwala osungunula phula, mzere uliwonse, ndi munthu wodekha manja. Anapempha kuti a Lameki asachoke asanagwire ntchito imeneyo. Ndiye munthu amene moyo wake wonse unali wothira oyilo anakhala pansi ndi kansanza, kuchotsa oyilo. Ankapukuta akuusa moyo ngati akusambitsa maliro a mbale wake. Atamaliza, a Nyirenda anayeza mpata uja ndi timapepala tachitsulo topyapyala, anamanga, ine n'kudina batani. Mluzu uja unabwerera, wokwera ngati kale. A Lameki anatola kachitini kawo n'kutuluka pageti osacheuka.

Musaganize kuti ndinawathamangira. Ndinali nditapsa mtima. Munthu anatsala pang'ono kundipereka kwa a Chimbalanga ndi manja ake, pofuna kundipulumutsa kwa a Chimbalanga omwewo, kenako n'kundichititsa manyazi pagulu. Amayi a pafakitale ankati ndikadutsa, “Loko ali bwanji lero?” Ndinkamva kuti a Lameki akukonza injini za asodzi kugombe, pansi pa kachisakasa, ndipo ndinkazungulira njira ina. Koma usiku ndikagona ndinkakumbukira kuti anthu onse aja anakhala chete, ndipo mmodzi yekha ndi amene anataya ntchito yake kuti ine ndisunge yanga.

Mvula inagwa. Tsiku lina ndikuweruka, nditanyowa mpaka m'kati, ndinalowetsa kiyi mu loko wanga, osatembenuka. Dzimbiri. Ndinalimbana naye, ndinamumenya ndi mwala, ayi ndithu. Ndinaima pakhonde madzi akuchucha, ndipo ndinazindikira kuti chifikire ku Senga Bay ndinali ndisanavutikepo ndi loko ngakhale tsiku limodzi. Ndinatsika kugombe mvula ikugwabe. Ndinawapeza ataweramira injini, manja ali bii.

“A Lameki, loko wanga wauma.”

Anadzuka pang'onopang'ono n'kupukuta manja. “Ndikamumwetse, achemwali? Kapena tiitane anthu avote kaye?”

“Pakhomo panga palibe matipate. Tiyeni.”

Za ankhoswe, za amalume amene anakwiya mpaka kukana nkhuku, za a Chimbalanga amene kupirira kwawo kunathera kwa mayi wina wogulitsa thobwa, zimenezo n'zazitali. Tinamanga ukwati dzinja litatha. Pangano lathu linali limodzi: m'nyumba athire oyilo paliponse pamene afuna, koma pampu yanga asaiyandikire. Anasunga mawu awo. M'mawa uliwonse ankandiperekeza mpaka pageti la fakitale, osaponda m'kati. Akamva mluzu uja ukuyamba ankavula chipewa, kutembenuzira nkhope kumbali, n'kunena kuti, “Apongozi adzuka, ine ndizipita.” Mpaka kukalamba kwawo sanakhulupirire kuti pampu ija inalibe ludzu. Ankati inangokhala yamwano.

Fakitale ija inatsekedwa kalekale, pamalopo pali loji tsopano, ndipo pampu yanga sindidziwa kumene inathera. Koma m'nyumba muno, zaka zonse zimene ndinakhala ndi agogo anu, sindinamvepo chitseko chikulira. Amayi anu anakula osadziwa kuti zitseko zimalira. Ankapita kwa anzawo n'kubwera akudabwa. Chitsulo chikangoti kwii, kaya ali pakati pa kudya, kaya ali ndi alendo, agogo anu ankadzuka akung'ung'udza, kufufuza kachitini kawo pansi pa bedi.

Chitseko ichi anachimwetsa komaliza mwezi umene anagonekedwa kuchipatala. Chinakhala chete chaka chathunthu iwo atapita, ngati nachonso chikusunga mwambo. Chayamba kulira dzinja lapitali. Ndiye mvera, Tadala. Chikati kwii, ine mutu umatembenuka wokha kuyang'ana kuchipinda, kudikira kuti ndimve bedi likugwedezeka, munthu akung'ung'udza, akufufuza kachitini. Kanthawi kakang'ono kameneko, ndisanakumbukire, agogo anu amakhala ali moyo. Ndiye iwe ukufuna undilande zimenezo ndi mafuta okazingira usipa?

Bweza botololo kukhitchini, amako akulifuna. Potuluka utsegule pang'onopang'ono, chilire bwino.